Kumayadi, Kukomboni ndi Tiyi wa Teni Koloko

Munthu aliyense wokulira ku Kitwe kapena ku Ndola amadziwa mau awiri awa asanayambe n'komwe sukulu: kumayadi ndi kukomboni. Mwana wa ku Chimwemwe, ku Wusakile kapena ku Chifubu safunika kumuuza kuti Parklands, Riverside, Northrise ndi Kansenshi ndi kumayadi. Amaona yekha misewu yotakata, mitengo ya mthunzi, nyumba imodzi pakati pa bwalo lalikulu, ndi kanyumba kakang'ono kuseri kwake. Mau awiri onsewa ndi Cingelezi cimene tinacipinda ndi lilime lathu. Yadi ndi "yard", bwalo la nyumba ya mzungu. Komboni ndi "compound", malo amene kampani ya mgodi inali kusungako anchito ake akuda. Tikamachula mauwa timakhala tikuwerenga mapu amene anajambulidwa m'zaka za m'ma 1930, ngakhale kuti ojambulawo anapita kalekale.

Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale, ndipo ana anga amafunsa mafunso amene silabasi siyankha. N'cifukwa ciani woweruza milandu amavala tsitsi loyera la nkhalamba m'dziko lotentha ngati lino? N'cifukwa ciani timamwa tiyi wotentha mu Okutobala? Anatiuza ndani kuti mwamuna wopanda tayi ndi wosalongosoka? Mayankho ake ambiri ali konkuno ku migodi. Miyambo ya ku Britain inalowa m'komboni kudzera pa khomo la khichini, pa kawindo ka sitolo ndi pa geti la mgodi, ndipo ndifuna tiyende limodzi pa makomo amenewa.

Anali ndani anthuwa?

Tiyambe ndi dzina. Ife timangoti Angelezi, koma Britain ndi cisumbu ca maiko atatu: England, Scotland ndi Wales. Mukaonjezapo Northern Ireland ndiye mwapeza United Kingdom. Munthu wa ku Scotland mukamunena kuti ndi Mngelezi amakwinya nkhope, monga mmene Mlozi angacitire mutamunena kuti ndi Mtonga. David Livingstone anali wa ku Scotland, ndipo mzinda wa Blantyre ku Malawi unatenga dzina la kwao kumene anabadwira. Hotela yakale ya pakati pa tauni ya Kitwe, Edinburgh, ili ndi dzina la likulu la Scotland.

Dziko lino linali m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, mpaka mu 1924 pamene boma la Britain linalitenga. Ndola inayamba ngati boma mu 1904, woitsegula ali John Edward Stephenson amene anthu anamupatsa dzina loti Chirupula, ndipo njanji inafika mu 1909. Koma cimene cinakoka khamu la azungu ndi mkuwa. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933, Nchanga mu 1939. Tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936 pambali pa mgodi wa Nkana.

Azunguwa sanali amodzi. Ku boma kunali ma DC ndi anzao, ambiri a iwo ana a mabanja opeza bwino, ophunzira ku Oxford kapena ku Cambridge. Pa mgodi panali amisiri ndi okumba miyala ocokera ku Cornwall, ku Wales, ku Scotland ndi kumpoto kwa England, pamodzi ndi ambiri ocokera ku South Africa, Mabunu ali momwemo. Kwao ku Britain magulu awiriwa sakanadyera pa tebulo limodzi. Mngelezi amangomva kalankhulidwe ka mnzake, ndipo wadziwa kale mtundu wa sukulu imene anapitako ndi nchito imene atate ake anali kugwira. Kusankhana kwa anthuwa kunayambira pakati pa iwo eni. Wokumba malasha amene kwao anali kuvula cipewa pamaso pa bwana, atafika ku Nkana anapeza nyumba ya njerwa, wophika, wa m'dimba, ndi anthu omuvulira cipewa iyeyo. Udindo umenewo anaugwira ndi manja awiri. Mu 1936 azungu a pa migodi anapanga bungwe lao la anchito, ndipo linalimbikira kwambiri kutseka khomo kuti munthu wakuda asakwere pa nchito za luso.

Makolo athu olankhula Cinyanja anabwera kuno kucokera ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ku Petauke, ku Katete ndi ku Nyasaland. Amuna a ku Nyasaland ophunzira pa mishoni za Livingstonia ndi Blantyre anatenga nchito zambiri za ukalaliki, ndipo Cinyanja cinali cinenero ca apolisi ndi asilikali. Kalaliki, wapolisi ndi wophika ndi anthu amene anali kuima pafupi kwambiri ndi mzungu. Zimene anali kuona masana anali kupita nazo kukomboni madzulo.

Wochi ndi tiyi

Kumudzi nthawi inali kuyezedwa ndi tambala ndi dzuwa. Mgodi unabweretsa wochi. Lipenga la pa mgodi likalira, shifiti yayamba, ndipo wanchito anali kulandira malipiro atadzaza tikiti ya mashifiti 30. Mau monga koloko, shifiti, tikiti ndi ovataimu analowa m'kamwa mwathu nthawi imeneyo. Pamodzi ndi wochi panabwera kupuma kwa tiyi.

Tiyi amene Angelezi amanyadira kwambiri si wa kwao. Anacokera ku China. M'zaka za m'ma 1830 Angelezi anayamba kumulima ku Assam m'dziko la India, kenako ku Ceylon, kenakonso pafupi pano ku Mulanje ndi ku Thyolo. Shuga amene anazolowera kuthiramo anali kulimidwa ndi akapolo ku zisumbu za Caribbean. Anchito a m'mafakitale a ku Manchester anali kumwa tiyi wa shuga wambiri cifukwa anali wochipa, wofunditsa m'mimba, ndi wopatsa mphamvu msanga. Olemera anali ndi mwambo wina, tiyi wa ca m'ma 4 koloko madzulo wa timakeke ndi timasangweji, umene akuti anauyambitsa ndi Anna, Duchess of Bedford, ca m'ma 1840. Mpaka lero amakangana ngati mkaka uyenera kuyamba kulowa m'kapu kapena tiyi, ndipo panali nthawi imene woyamba ndi mkaka anali kuonedwa ngati munthu wamba.

Ife tinalandira tiyi wa mitundu yonse iwiri. Wa olemera uja amaoneka mlendo akafika, amai akatulutsa makapu a m'kabati ya magalasi amene ana a pa nyumba sawakhudza. Wa anchito uja ndi tiyi wa teni koloko m'maofesi ndi m'masukulu. Masamba a tiyi akatha pakati pa mwezi timagwa pa zigolo, madzi a shuga ndi bansi. Mwana wa m'fakitale ya ku Manchester akanaimvetsa zigolo popanda womasulira.

Dina, sapa ndi kawindo

Pa maina a cakudya Angelezi amasokoneza mlendo aliyense. M'mabanja a anchito, makamaka kumpoto kwa England, cakudya ca masana ndi "dinner" ndipo ca madzulo ndi "tea". Munthu wa ku Yorkshire akakuitanani ku "tea" pitani ndi njala, cifukwa mukapeza mbatata ndi nyama. Olemera amati ca masana ndi "lunch", ca madzulo "dinner" kapena "supper". Liu loti "pudding" limatanthauza cotsekemera ciliconse codya pomaliza, koma "black pudding" ndi soseji ya magazi, ndipo "Yorkshire pudding" imadyedwa ndi nyama ya ng'ombe.

Amene anabweretsa zakudyazi kukomboni ndi ophika a kumayadi, ndipo ambiri a iwo anali amuna. Karen Tranberg Hansen analemba buku lonse lonena za anchito a m'nyumba a m'dziko lino, Distant Companions, lotuluka mu 1989. Amuna amenewa anaphunzira kuphika masikono, keke, nyama yoocha ya pa Sondo ndi kasitadi. Kasitadi waufa anamupanga ndi Alfred Bird wa ku Birmingham mu 1837, cifukwa mkazi wake anali kudwala akadya mazira. Sangweji inatenga dzina la John Montagu, Earl of Sandwich, wa m'zaka za m'ma 1700. Payi ya nyama imene timagula pa bekari ili ndi mbale wake ku Cornwall, "pasty", imene okumba migodi anali kutsika nayo pansi kuti adye osafuna mbale kapena foloko.

Agogo anga aamuna, ocokera ku Katete, anaphika m'nyumba ya mzungu wina kumayadi kwa zaka zambiri. Anali kudziwa kuyala tebulo la mafoloko atatu, koma iwo anali kudyera nsima kuseri kwa khichini, ndi kapu yao yacitsulo imene sinali kuloledwa kukhala pamodzi ndi makapu a m'nyumba. Atapuma nchito, masikono ao anachuka m'komboni monse. Wina akati ndi cakudya ca azungu anali kuyankha kuti dona sanali kudziwa ngakhale kuyatsa sitovu, ndiye masikonowo angakhale bwanji ake?

Angelezi amanyadira kuima pa mzere: wobwera koyamba athandizidwe koyamba. Mwambo umenewu kuno unali kuthera pa khungu. M'masitolo ambiri ndi m'mabuchala a m'tauni munthu wakuda sanali kulowa pa khomo. Anali kugula pa kawindo ka m'mbali, n'kupatsidwa nyama yokulungidwa kale m'pepala imene anali kuinena kuti "boy's meat". M'zaka za m'ma 1950 cipani ca African National Congress, motsogoleredwa ndi Harry Mwaanga Nkumbula, cinauza anthu kuti anyanyale kugula m'mabuchala ndi m'masitolo otere. Kenneth Kaunda analeka kudya nyama cifukwa ca nkhani imeneyi, ndipo sanabwererenso. M'buku lake la mu 1962, Zambia Shall Be Free, anafotokoza mmene iye ndi Nkumbula analowera mu kafe ina kuno ku Kitwe mu 1957 kukagula masangweji, n'kuuzidwa kuti maboyi sathandizidwa pa kaunta, kenako n'kutulutsidwa mwankhanza. Lamulo lotsegula malo odyera otere kwa anthu onse linabwera mu 1960. Mukamakhala pansi m'tauni ndi chipisi ndi nkhuku, dziwani kuti mpandowo unamenyedwera nkhondo.

Suti, tayi ndi wigi

Godfrey Wilson, amene anafufuza moyo wa anchito ku Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, ca m'ma 1940, anapeza kuti gawo lalikulu la ndalama zao linali kupita ku zovala. Patapita zaka, J. Clyde Mitchell anaonerera gule wa Kalela ku Luanshya ndipo analemba kabuku kake mu 1956. Ovinawo anali Abisa, ambiri a iwo anchito wamba, koma anali kuvina atavala mathalauzi osita bwino ndi nsapato zopolisha. Mmodzi anali kuvala ngati dokotala, wina ngati nesi, ndipo panali mfumu ya gule ya suti.

Ophunzira akhala akukangana za tanthauzo lake. Ena amati kunali kutengera azungu basi. Ine ndimaona munthu amene sabata yonse wakhala akunenedwa kuti boyi, atavala kabudula wa khaki, ndipo pa Sondo waima pa bwalo ndi nsapato zowala kuuza tauni yonse kuti nayenso ndi munthu wa m'tauni. Suti inali yankho kwa amene anali kumunyoza. Titalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, Kaunda anayankha mwa njira ina: anavula tayi n'kuvala suti ya safari, imene m'maiko ena a mu Africa mpaka lero imadziwika ndi dzina lake.

Wigi ya woweruza ili ndi mbiri yoseketsa. Inali fashoni ya amuna olemera ku England kuyambira nthawi ya mfumu Charles II, m'zaka za m'ma 1660. Fashoniyo inatha, koma makhoti anakakamira. Imapangidwa ndi ubweya wa hachi. Mu 2008 oweruza a ku England ndi Wales analeka kuivala pa milandu ya mabanja ndi ina yosakhala yaupandu, pamene m'makhoti athu akuluakulu ikali kuoneka. Yunifolomu, buleza, maprifekiti, hediboyi ndi kugawa ana m'ma "house" pa masewera, zonsezi zinacokera ku masukulu ogonera komweko monga Eton ndi Harrow. Masukulu amenewa ndi olipira ndalama zambiri, a ana a olemera, koma Angelezi amawanena kuti "public school". Mlendo akamva dzinalo amaganiza kuti ndi sukulu ya boma.

Lilime la Mngelezi

Pansi pa mgodi mzungu sanali kulankhula Cingelezi ca m'buku. Anali kulamula m'Cikabanga, cimene ena amati Cilapalapa, cinenero ca nyamula, bwera, fulumira, cimene cinacokera ku migodi ya ku South Africa. Cingelezi cimene wanchito anali kumva kawirikawiri cinali ca matukwano, ndipo n'kumene kunacokera bladifulu wa agogo athu, kutanthauza "bloody fool". M'komboni anthu anasakaniza zonsezi ndi Cibemba n'kupanga kalankhulidwe ka m'tauni, kamene A. L. Epstein analemba za iko mu 1959. Mau ena tinawasunga eni ake atawataya. Magetsi a pa mphambano timati maroboti, koma mukafunsa roboti ku London lero adzaganiza kuti mukufuna makina oyenda ngati munthu.

Pali liu limodzi limene limatigwetsa tonse: "sorry". Kwathu munthu akapunthwa, akadwala kapena akagwetsa mbale timati pepani, kusonyeza kuti tamva naye cisoni. Tikanena zomwezo m'Cingelezi, Mngelezi amadabwa n'kutiuza kuti si ife talakwa. Koma iye yemweyo mukamuponda phazi m'basi, ndiye amayamba kunena "sorry". Akati cinthu cili "not bad" ndiye kuti cam'komera. Akati maganizo anu ali "interesting" mwina sakugwirizana nao. Akati mudzabwere tsiku lina tidzadye, osachula tsikulo, musakonzeke, wangotsazika. "You alright?" ndi moni cabe, sakufunsa za matenda anu. Ife moni timayamba ndi thupi, ana, kunyumba ndi kumudzi. Iwo amakamba za nyengo, cifukwa mvula ndi nkhani imene singakhumudwitse munthu.

Izi n'zofunika kwa inu, pakuti manesi ndi osamalira okalamba ambiri ocokera m'makomboni athu ali ku Britain tsopano, ndipo ena a inu mudzawatsatira. Mudzapeza kuti Britain amene tinasunga kuno ndi wa m'ma 1950. Ife tikali kunena "Sir" ndi "Madam", pamene kumeneko wanchito amaitana bwana wake ndi dzina loyamba. Kalata yofunsira nchito yoyamba ndi "I beg to apply", imene akuluakulu ena akali kuphunzitsa ana, inacokera m'maofesi a atsamunda, mmene kalaliki anali kumaliza kalata podzinena kuti ndi wanchito womvera wa bwana. Ku London kalata yotere angaiwerenge moseka.

Kulankhula mozungulira si kwacilendo kwa ife. Nafenso sitinena kuti munthu wafa, timati watisiya. Koma mbiri imatiphunzitsa kuchera khutu mau ofewa akacokera kwa wolamula. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ca 1953 mpaka 1963, cinabwera ndi liu lokoma loti "partnership", kutanthauza kuti akuda ndi azungu adzayendera limodzi. Nduna yaikulu yake yoyamba, Godfrey Huggins, anayerekeza ubwenziwo ndi wa hachi ndi wokwerapo wake. Makolo athu sanafunse kuti hachi ndani.

Tiki, susu ndi bokosi

Ndalama za Angelezi zinali masamu paokha. Paundi imodzi inali masheleni 20, sheleni imodzi mapeni 12, ndiye kuti mapeni 240 pa paundi. Kandalama ka mapeni atatu kanali tiki, ka mapeni sikisi kanali susu, ndipo peni ya nthawi ya Citaganya inali ndi cibowo pakati moti anthu anali kuitunga pa cingwe. Zambia inasiya masamu amenewa pa 16 Januwale 1968 pamene kwacha ndi ngwee zinayamba, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi. Britain anasintha zake mu 1971. Pamenepa tinawatsogolera ndi zaka zitatu.

Ana akamayenda khomo ndi khomo kukuwa kuti "Khrisimasi bokosi!" akusunga mwambo wakale wa ku England. Kumeneko anchito a m'nyumba anali kugwira nchito tsiku la Khrisimasi kuti mabwana adye bwino, ndipo mawa lake anali kupatsidwa kabokosi ka mphatso kapena ndalama. N'cifukwa cake 26 Disembala amati "Boxing Day". Palibe nkhonya imene imaponyedwa tsikulo. Kuno mwambowo unatuluka m'mayadi, ndipo tsopano bokosi timapempha kwa amalume.

Kalabu, bola ndi yunioni

Angelezi akakhala atatu pamalo amapanga kalabu, n'kulemba malamulo onena za amene saloledwa kulowa. Nkana Golf Club, kalabu ya rugby ya Diggers, Kitwe Little Theatre ndi Lowenthal Theatre ku Ndola ndi zotsala za moyo umenewo. Makolo athu ambiri analowamo koyamba atanyamula thileyi kapena cikwama ca ndodo za gofu.

Bola inayenda njira ina. Malamulo ake analembedwa ku London mu 1863, ndipo makampani a migodi anailimbikitsa m'komboni poganiza kuti wanchito wotopa ndi masewera sakhala ndi nthawi ya ndale. Timu ya Rhokana United, imene inayamba m'zaka za m'ma 1930, ndiyo Nkana ya lero. Pitani ku Wusakile tsiku limene Kalampa ikumana ndi Power Dynamos, mumve ng'oma ndi nyimbo, kenako mundiuze ngati pali Mngelezi amene angati masewerawo akali ake.

Yunioni nayonso ndi mwambo wa ku Britain. Mu 1947 boma la kumeneko linatumiza William Comrie wa ku Scotland kuti adzathandize anchito akuda kupanga mabungwe. Koma kunyanyala nchito makolo athu sanacite kuphunzitsidwa. Mu 1935 ananyanyala ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Roan Antelope cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo anthu 6 anaphedwa ndi mfuti ku Luanshya. Mu 1940 azungu a pa mgodi ananyanyala n'kuonjezeredwa malipiro. Akuda atacita cimodzimodzi, asilikali anaombera ku Nkana pa 3 Epulo, ndipo anthu 17 anafa. Bungwe la anchito akuda a pa migodi linakhazikitsidwa mu 1949, pulezidenti wake ali Lawrence Katilungu. Mu 1952 linaimitsa migodi kwa masabata atatu mwabata, ndipo malipiro anakwera. Komiti, sekilitale, maminitsi ndi kuvota mokweza manja anazitenga kwa Angelezi, n'kuzigwiritsa nchito polimbana ndi Angelezi omwewo.

Tisunge ziti?

Mu 1949 m'komboni munafika kawailesi kochipa ka batire kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain mwa pempho la Harry Franklin wa ku wailesi ya Lusaka. Boma linali kufuna kuti anthu azimva uthenga wake. Anthu anamvamo Alick Nkhata ndi nyimbo za m'zinenero zao. Wailesi yakanema yoyamba m'dziko lino inatsegulidwa kuno ku Kitwe mu 1961, ndipo oyamba kuionera anali a kumayadi.

Codabwitsa n'cakuti Cingelezi cinakula mphamvu azungu atacoka. M'nthawi ya atsamunda mwana wakuda anali kuyamba sukulu m'cinenero ca kwao. Boma lathu lomwe, John Mwanakatwe ali nduna ya maphunziro, ndi limene linaika Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo lamulo la maphunziro la mu 1966 linatsimikiza zimenezo. Cifukwa cake cinali comveka: dziko la mitundu 73 linali kufuna cinenero cimodzi cosakondera mtundu. Koma mtengo wake tinaulipira m'kalasi. Ambiri a ife tinakulira m'masukulu mmene prifekiti anali kulemba maina a olankhula "vernacular" kuti akachetche udzu. Mpaka lero ndimaona mwana wanzeru akutseka pakamwa cifukwa anzake aseka mmene wachulira liu la Cingelezi. Ndimamuuza kuti munthu wa ku Glasgow ndi wa ku Liverpool nawonso amasekedwa ku London, koma salekera pomwepo kulankhula.

Sindikunena kuti titaye tiyi kapena tileke kuyendetsa galimoto kumanzere. Masikono, bola, yunioni ndi roboti ndi zathu tsopano, tinazigula ndi thukuta, zina ndi magazi. Cingelezi ciphunzireni bwino, cifukwa mayeso, nchito ndi intaneti zikucifuna. Cimene tiyenera kubweza ndi muyezo umene unabwera ndi zinthuzi, woti munthu amakwera mtengo akamayandikira kumayadi m'kalankhulidwe, m'kavalidwe ndi m'kadyedwe. Muyezo umenewo unapangidwa kuti wokumba malasha wa ku Wales adzimve bwana ku Nkana, ndipo n'zacisoni kuona ife tikuyezana nao tokhatokha pa intavyu, pa ukwati ndi pa Facebook.

Munthu amene anali ndi zaka 20 mu 1964 tsopano wapyola zaka 80. M'komboni iliyonse ya Kitwe ndi Ndola mukali agogo amene anagula pa kawindo, anagwira tiki m'manja, kapena anaphika kumayadi. Zimene akudziwa sizili m'buku la Mitchell kapena la Epstein, pakuti olembawo anali alendo. Foni imene mukuwerengera nkhaniyi ili ndi cojambulira mau. Pitani kwa agogo pa Sondo masana, muwapangire tiyi wa shuga mmene amamukondera, mukhale pansi, muwafunse dzina limene anapatsa mzungu wao ndi cifukwa cake. Afunseni m'cinenero cao, ndipo zimene adzakuuzani muzilembe m'cinenero comweco.